Mabwalo a Anamwino M'zipatala: Mafunso ndi Mayankho pa Kasamalidwe ka Odwala

M'zipatala zambiri za ku America, ndiponso m'zina za ku Britain, mwakhazikika mwambo woti anamwino otumikira m'mawodi amasankha anzawo owerengeka kuti akhale bwalo, ndipo bwalolo limapatsidwa mphamvu yogamula za kasamalidwe ka odwala m'wodi mwawo, osadikira kuti lamulo lililonse litsike kuchokera ku ofesi ya akuluakulu. Eni ake amautcha mwambowu shared governance. Popeza nkhaniyi ikhudza munthu aliyense amene tsiku lina adzagona pabedi la chipatala, ndiponso popeza ana athu ambiri amene anaphunzira unamwino kuno kwathu akutumikira m'zipatala za maiko amenewo, tayesa kuyankha mafunso amene munthu wofuna kumvetsa angafunse.

Kodi bwalo la anamwino n'chiyani, ndipo amakhalamo ndani?

Ndi kagulu ka anthu asanu, asanu ndi mmodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ochokera pakati pa iwo amene amagwira odwala ndi manja awo tsiku ndi tsiku. Ndipo ngakhale anamwino ndi azamba ndiwo eni bwalo, kawirikawiri amaitanamonso othandiza anamwino, wa ku famase, wowongola ziwalo za odwala, ngakhalenso amene amakolopa m'wodi, pakuti ukhondo wa pansi ndi wa pabedi uli mbali ya kuchira kwa munthu. Chimene chimasiyanitsa bwaloli ndi misonkhano ina ya pachipatala ndi ichi, chakuti wokhala pampando sakhala metroni kapena inichaji wa wodi, koma namwino wamba amene dzulo lomweli anachezera pa shifiti ya usiku, ndipo mawa adzabwereranso komweko. Amakumana kamodzi pamwezi, pa nthawi imene chipatala chawapatulira ndi kuiwerenga ngati nthawi ya ntchito, ndipo zimene agwirizana zimalembedwa ndi kupachikidwa poonekera kuti anzawo onse aziwerenge.

Pachipatala chachikulu, wodi iliyonse imakhala ndi bwalo lake; kenaka pamakhala mabwalo a chipatala chonse, lina loona za kagwiridwe ka ntchito, lina za maphunziro, lina za kafukufuku, lina za ubwino wa chisamaliro; ndipo pamwamba pa onsewa pali upo umene apampando a mabwalo amakhala maso ndi maso ndi mkulu wa anamwino, kumufotokozera zimene achita ndi kumutulira zimene zawakanika.

Kodi limeneli si lofanana ndi Nurses and Midwives Council of Malawi?

Iyayi, n'zosiyana. Bungwe limenelo, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la dziko m'chaka cha 1966, ntchito yake ndi kulemba anamwino ndi azamba m'kaundula, kuyang'anira sukulu zawo ndi mayeso awo, ndi kuweruza amene walakwira malamulo a ntchito. Palinso bungwe la National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi, limene limalankhulira anamwino pa za malipiro ndi ufulu wawo pantchito. Bwalo limene tikunena pano silipereka chiphaso, sililanga munthu, ndipo silikambirana za malipiro. Lili m'kati mwa chipatala chimodzi, ndipo nkhani yake ndi imodzi yokha, ndiyo yakuti wodwala wa m'wodi muno asamalidwe bwino kuposa mwezi watha.

Nanga mwambowu unayamba liti, ndipo chinauyambitsa n'chiyani?

Unabadwa m'nthawi ya kusowa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, zipatala za ku America zinali kutaya anamwino ochuluka, osati chifukwa cha malipiro okha, koma chifukwa anthu ophunzira bwino ntchito yawo anatopa ndi kulamulidwa pa kanthu kalikonse ndi anthu amene sanali kufika pambali pa bedi. M'zaka zomwezo Luther Christman, mkulu wa anamwino pa chipatala cha Rush ku Chicago, anali kuphunzitsa kuti anamwino ayenera kukhala ndi dongosolo lawo lodziyang'anira pa za ntchito yawo, monga momwe madokotala analili nalo kale. Ndipo m'chaka cha 1984 Tim Porter-O'Grady pamodzi ndi Sharon Finnigan analemba buku limene linayala bwino mamangidwe a mabwalo otere. Chiphunzitso cha Porter-O'Grady chinali chakuti mwa nkhani khumi zokhudza kasamalidwe ka wodwala, zisanu ndi zinayi ziyenera kugamulidwa pamalo pomwe wodwalayo wagona.

Chaka chimodzi bukuli lisanatuluke, mu 1983, bungwe la American Academy of Nursing linafalitsa kafukufuku amene Margaret McClure ndi anzake atatu anachita. Iwo, m'malo mofunsa chifukwa chimene anamwino ankathawira, anafunsa chifukwa chimene zipatala zina zinkawasungira pamene zinzawo zapafupi zinali kulira. Ndipo atasanthula zipatala 163, anapeza 41 zimene anazitcha Magnet poti zinali kukoka anamwino. M'zipatala zimenezo namwino anali ndi mawu pa ntchito yake, mkulu wake anali wofikirika, ndipo dokotala ankamulemekeza. Pa maziko amenewa anamangapo ndondomeko yoyesera zipatala, ndipo chipatala cha University of Washington ku Seattle ndicho chinali choyamba kulandira dzina la Magnet mwa ndondomekoyi mu 1994. Kufikira lero, chipatala chofuna dzinali chiyenera kuonetsa kuti anamwino a m'mawodi ali ndi mawu pa zogamula za chipatalacho.

Chifukwa chiyani mphamvu yotere ipatsidwe kwa namwino, pamene dokotala ndi metroni alipo?

Chifukwa cha malo amene namwino amaima. Dokotala amazungulira wodi m'mawa, naona wodwala mphindi zowerengeka, nalemba mankhwala, napita kuthiyeta kapena kwa odwala ena amene akumudikira panja. Metroni ali ndi mawodi ambiri, ndandanda ya mashifiti ndi misonkhano ya akuluakulu. Koma namwino ndiye amatsala, usana ndi usiku, ndipo ndiye woyamba kuona kuti kupuma kwa mwana kwasintha, kuti mayi amene anachira m'mawa akutaya magazi, kuti diripi yaima, kapena kuti gogo amene dzulo anali kucheza lero akuyankha zosokonekera. Amadziwanso zinthu zimene sizilembedwa m'lipoti lililonse: kuti sopo amatha tsiku liti, kuti kabati ya mankhwala ili kutali ndi odwala odwalitsitsa, kuti odwala amagwa kawirikawiri m'bandakucha pamene akupita kuchimbudzi mumdima. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo n'chinthu chomvetsa chisoni kuti m'zipatala zambiri iye amene wamva vuto alibe chilolezo chotsekula, pamene iye wosunga kiyi sanalimve.

Zimene zinachitika m'chigawo cha Michigan zionetsa kulemera kwa chilolezo chimenechi. Kumeneko Dokotala Peter Pronovost ndi anzake anagwira ntchito ndi zipinda 103 za odwala mwakayakaya pofuna kuchepetsa matenda a m'magazi amene amalowera pa kachubu koikidwa mumtsempha waukulu. Malangizo ake anali asanu, ndipo panalibe dokotala amene sanali kuwadziwa: kusamba m'manja, kuvala zodzitetezera zonse ndi kufunditsa wodwala nsalu zopanda tizilombo, kutsuka khungu ndi mankhwala a chlorhexidine, kupewa mtsempha wa m'mphechepeche, ndi kuchotsa kachubuko ntchito yake ikatha. Chachilendo chinali chakuti namwino anapatsidwa mphamvu yoimitsa dokotala amene wadumpha langizo limodzi, ndipo akuluakulu a chipatala analonjeza kuima naye. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2006, zinaonetsa kuti patatha miyezi 18 matendawa anatsika ndi 66 peresenti. Ntchito imeneyi sinali ya bwalo la anamwino lokha, pakuti madokotala ndi akuluakulu anali momwemo. Koma muzu wake ndi womwewo, wakuti chidziwitso cha amene ali pafupi ndi wodwala chimapulumutsa moyo pokhapokha chitapatsidwa mphamvu.

Pabwalopo amakambirana zotani, ndipo mfundo imayenda bwanji kufikira isanduke mchitidwe?

Tiyerekeze kuti m'wodi ya okalamba anamwino aona kuti zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi nthawi yaitali zachuluka. Bwalo siliyamba ndi kufunafuna wolakwa, koma ndi kuwerenga: odwala angati anatuluka zilonda mwezi watha, pa chiwalo chiti, ndipo anali atagona masiku angati. Kenaka mmodzi amatumidwa kukafufuza zimene kafukufuku wa ena anapeza pa nkhaniyi, wina kukafunsa anzawo a shifiti ya usiku chimene chimawalepheretsa kutembenuza odwala pa nthawi yake, winanso kukamva kwa odwala ndi abale awo. Mwezi wotsatira amamanga mfundo, kapena yoti khungu la wodwala aliyense lionedwe tsiku lomwe wagonekedwa, kapena yoti pabedi pakhale chizindikiro chosonyeza ola lomutembenuzira. Amayesa mfundoyo pa mabedi owerengeka, nawerenganso patapita milungu ingapo, ndipo ikaonetsa phindu amaifalitsa wodi yonse, ikapanda kutero amaisiya popanda manyazi nayesa ina.

Mwa njira yomweyo mabwalo amagwira nkhani za odwala ogwa pabedi, za kusamba m'manja, za kulakwitsa popereka mankhwala, za phokoso la usiku limene limalanda odwala tulo, ndi za kupatsirana lipoti pambali pa bedi, wodwala akumva, m'malo mopatsirana mobisika mu ofesi. Nkhani imene ili m'manja mwa wodi, bwalo limaigamula lokha; imene ifuna ndalama kapena ikhudza mawodi ena, wapampando amapita nayo ku upo wa mkulu wa anamwino, ndipo kumeneko ayenera kupatsidwa yankho, kaya lovomera kaya lokana, pamodzi ndi chifukwa chake. Zambiri mwa nkhanizi n'zazing'ono pozimva. Koma imfa zambiri za m'chipatala zimayambira pa zazing'ono zimene zinaonedwa ndi wina, osanenedwa, kapena zinanenedwa osamvedwa, ndipo nkhanga zinapangana kusanapse.

Kodi pali umboni wakuti odwala amapinduladi?

Ulipo, ndipo tiyenera kuunena monga momwe ulili, osauonjezera. Mu 1994 Linda Aiken wa pa University of Pennsylvania ndi anzake anayerekeza zipatala 39 za Magnet ndi zipatala 195 zofanana nazo pa zina zonse, ndipo anapeza kuti imfa za odwala okalamba zinali zochepa ndi 4.6 peresenti m'zipatala za Magnet. Mu 2013 Matthew McHugh ndi anzake a pa sukulu yomweyo, atasanthula odwala ochitidwa opaleshoni, anapeza kuti chiopsezo cha imfa chinali chochepa ndi 14 peresenti m'zipatala zotere. Komabe zipatala zimenezi sizisiyana ndi zinzake pa mabwalo pokha, pakuti zimakhalanso ndi anamwino ochulukirapo ndi ophunzira kwambiri. Choncho munthu woona mtima sanganene kuti phindu lonselo linachokera ku bwalo.

Aiken yemweyo anaonetsa mbali inayo mu 2002, pamene anasanthula zipatala 168 za ku Pennsylvania napeza kuti wodwala mmodzi aliyense woonjezeredwa pa katundu wa namwino amakweza chiopsezo cha imfa m'masiku 30 ndi 7 peresenti. Ndipo mu 2014 kafukufuku wa zipatala 300 m'maiko asanu ndi anayi a ku Ulaya anapeza chiwerengero chomwecho. Phunziro lake n'lakuti mawu a namwino ndi manja okwanira ziyenera kuyendera pamodzi, ndipo mtsogoleri amene akhazikitsa bwalo kuti athawe udindo wolemba anamwino okwanira akunyenga odwala ake.

Nanga ku Britain mwambowu unafika bwanji?

Unafika pang'onopang'ono, ndipo unalimbikitsidwa ndi tsoka. Chipatala cha ku Rochdale chinalandira dzina la Magnet mu 2002, choyamba kunja kwa America, koma sichinalisunge chitaphatikizidwa ndi zipatala zina pansi pa utsogoleri watsopano. Kenaka kunamveka za chipatala cha Stafford, kumene pakati pa 2005 ndi 2009 odwala ankasiyidwa m'zofunda zoipitsidwa, osasambitsidwa, osamwetsedwa madzi, pamene akuluakulu maso awo anali pa kusunga ndalama ndi kukwaniritsa ziwerengero zimene boma linkafuna. Namwino Helene Donnelly, wa m'chipinda cholandirira angozi, analemba malipoti ambirimbiri ochenjeza, koma mawu ake anagwera pansi. Lipoti la Robert Francis, limene linatuluka mu February 2013 ndi malangizo 290, linaonetsa poyera kuti chipatala chimene antchito ake amaopa kulankhula chimasanduka malo oopsa kwa odwala.

Zipatala za ku Nottingham zinayamba mabwalo ake mu 2012, ndipo anachuluka kufikira kukhala makumi angapo. Mu 2020 chipatala cha Nottingham City chinalandira dzina la Magnet. Koma tisabise kuti m'bungwe lomwelo la zipatala za ku Nottingham mbali ya uchembere inapezeka ndi zolakwa zazikulu, kotero kuti mu 2022 mzamba Donna Ockenden anayamba kufufuza madandaulo a mabanja ambiri amene anataya ana kapena kuvulazidwa pobereka. Dzina labwino la chipatala silifika lokha m'wodi iliyonse, ndipo bwalo la wodi imodzi silitchinjiriza wodwala wa m'wodi ina kumene mawu a amayi ndi a azamba sakumvedwa.

Kodi bwalo lotere limafa ndi chiyani, ndipo silichotsa ulemu wa metroni?

Limafa ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi kusowa nthawi, pamene tsiku la msonkhano likafika wodi imapezeka yoperewera anthu, ndipo a bwalo amauzidwa kuti abwerere kuntchito, mwezi uno, mwezi wamawa, kufikira aliyense aiwala kuti kunali bwalo. Chachiwiri ndi kusowa mphamvu, pamene bwalo limaloledwa kusankha mtundu wa makatani ndi tsiku la phwando, koma likakhudza za kasamalidwe ka odwala limauzidwa kuti zimenezo n'za akuluakulu. Chachitatu ndi kusowa yankho, pamene mfundo zimakwera kumwamba osabwerako. Bwalo lotere limaoneka bwino m'malipoti a pachaka ndi pamaso pa alendo, koma ndi chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo kuipa kwake kumaposa kwa kusakhala ndi bwalo, chifukwa anamwino amene anafunsidwa maganizo nanyozedwa sadzalankhulanso.

Kunena za metroni, ulemu wake suchepa, koma ntchito yake imasintha. Za ndalama, za kulemba anthu ntchito, za mwambo ndi chilango zimakhalabe m'manja mwake. Chimene amasiya ndi kugamula yekha za kachitidwe ka pambali pa bedi, ndipo m'malo mwake amaphunzitsa a bwalo kuwerenga ziwerengero ndi kuyendetsa msonkhano, nawachotsera zopinga panjira. Si chinthu chapafupi kwa munthu amene anazolowera kuti mawu ake ndiwo otsiriza, ndipo zipatala zimene zinapambana zinatenga zaka zingapo kuti akulu ndi ang'ono azolowerane m'makhalidwe atsopanowa.

Kodi zingatheke kuno kwathu, kumene namwino mmodzi amachezera ndi wodi yodzaza?

Funso limeneli n'lolemera, ndipo sitiliyankha mopepuka. Kumene odwala agona mpaka pansi, magolovesi atha, ndipo namwino mmodzi akuthamanga pakati pa mabedi makumi angapo, kupatula anthu asanu kwa maola angapo ndi nsembe yeniyeni. Komabe mbewu yake ilipo kale, pakuti kudzera m'ndondomeko ya 5S-KAIZEN, imene Unduna wa Zaumoyo unalandira mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, zipatala zambiri za boma zili ndi timagulu ta m'mawodi totchedwa WIT, ndi gulu la chipatala chonse lotchedwa QIST, ndipo azamba athu anazolowera kale kukhala pansi kusanthula imfa ya mayi aliyense womwalira pa uchembere. Chimene mwambo wa mabwalo ungaonjezere pa zimenezi ndi kuika namwino wa m'wodi pampando, kulemba momveka nkhani zimene kaguluko kangagamule kokha, ndi kukakamiza akuluakulu kuyankha pa nthawi yoikika.

Tingatinso kumene zipangizo zili zochepa ndi kumene nzeru za amene ali pamalopo zimafunika koposa, pakuti kusendeza odwala odwalitsitsa kufupi ndi tebulo la namwino sikulira ndalama, ngakhalenso kukonza thireyi ya mankhwala a mwadzidzidzi kuti ikhale yodzaza shifiti iliyonse isanayambe. Ndipo tili ndi chuma chimene zipatala za ku Ulaya zilibe, ndicho magadiyani, amene amasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza abale awo usana ndi usiku. Bwalo lanzeru lingawaphunzitse zizindikiro zoopsa zimene ayenera kuthamangira nazo kwa namwino, ndi kuwafunsa mwezi ndi mwezi zimene maso awo aona.

Tsono namwino mwini, mwambowu ukumusenzetsa chiyani?

Ukumusenzetsa udindo wolingana ndi mphamvu imene wapatsidwa, pakuti walira mvula walira matope. Namwino amene anali kunena kuti lamulo loipa linachokera kumwamba sangathenso kutero pamene lamulolo analimanga yekha ndi anzake. Zilonda zikachuluka, kapena odwala akapitirira kugwa, bwalo ndilo liyenera kuimirira pamaso pa mkulu wa anamwino ndi kufotokoza chimene lichite. Ayenera kuphunzira kuwerenga zotsatira za ntchito yake moona mtima ngakhale zili zochititsa manyazi, kudzudzula mnzake mwaulemu pamene wadumpha chimene anagwirizana, ndi kulandira chidzudzulo chomwecho kuchokera kwa wamng'ono kwa iye. Chifukwa chake amene afuna kuyamba asayambe ndi chipatala chonse, koma ndi wodi imodzi, vuto limodzi lowerengeka, ndi pangano lolembedwa pakati pa bwalo ndi metroni lonena nthawi yokumana, nkhani zimene bwalo ligamule lokha, ndi masiku amene yankho la akuluakulu liyenera kufika. Ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi awerengenso, kuti odwala a m'wodi imeneyo ndiwo achitire umboni ngati bwalolo liyenera kukhalapo.